Maola 72 amathera m'manyazi

 Anyamata muli kumbuyoko, senderani kuno, nkhani ya lero ndi yanu.

Tikatchula kugwiriridwa, maganizo amathamangira kwa mtsikana. Ndikati mwamuna wagwiriridwa, ena mwayamba kale kuseka, ndakuonani. Kusekako ndi kumene ndabwerera. Mnyamata amene amagona chipinda chimodzi ndi amalume obwera kudzafuna ntchito, kapena amene mayi wamkulu pakhomo amamukakamiza kugona naye, amaona mmene timasekera, ndiye amasoka pakamwa. Tinamulera tokha kuti mwamuna salira. Akalimba mtima n'kuuza anzake, amamuyankha kuti, "Iwe unachita mwayi." Mwayi wanji umene umamusowetsa tulo, n'kumuyambitsa kachasu ali kusukulu?

Lamulo nalo linatsalira m'mbuyo. Mu Penal Code, ndime 132 imati kugwirira ndi kugona mkazi kapena mtsikana iye asakufuna. Mwamuna satchulidwa. Koma musachoke pano mukuti alibe potsamira. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo inasintha ndime 138, yoletsa kugona ana: kale inkanena za mtsikana yekha, tsopano imati mwana aliyense, ndipo wopalamula amalowa m'ndende zaka zosachepera 15. Lamulo la 2011 loletsa nkhanza, Anti-Gender-Based Violence Act, nalonso silisankha kuti uyu ndi mkazi, uyu ndi mwamuna.

Mantha aakulu ali pa ndime 155, yoletsa amuna kugonana okhaokha. Ambiri amandifunsa monong'ona kuti, "Ndikapita kupolisi, samanga ine?" Mvetserani bwino. Ndimeyo imalanga wochita ndi wolola. Wogwidwa ndi mphamvu, woopsezedwa, woledzeretsedwa, ameneyo sanalole. Wogwirirayo amadziwa mantha amenewa, ndipo ndiwo chishango chake. Kupolisi funsani a Victim Support Unit, nthambi imene inayamba mu 1994, ndipo musapite nokha, tengani munthu wamkulu amene mumamudalira.

Kumbukiraninso abale athu otuluka m'ndende za Chimbokaila ndi Mukobeko. Lipoti la Human Rights Watch la 2010 linaonetsa kuti m'ndende zathu ana ankatsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu, ena n'kumagonedwa chifukwa cha chakudya. Akabwera kunyumba timangofunsa ngati anasintha khalidwe, za zimene anakumana nazo sitifunsa.

Tsopano chimene ndikufuna musaiwale. Pali mankhwala otchedwa PEP, oteteza ku HIV munthu akagwiriridwa. Amamwa masiku 28, koma ayenera kuyamba asanathe maola 72, masiku atatu basi. Mnyamata tsiku loyamba amadzitsekera m'nyumba, lachiwiri amati ndi malungo, lachitatu banja limakhala pansi kukambirana zoti nkhani ithere m'nyumba poti wochitayo ndi m'bale. Maola aja atha. Chipatala cha Chilenje Level One chili pompano, n'chofika wapansi. Yambani kumeneko, zokambirana zibwere pambuyo. Zovala musachape, koma ngakhale atasamba kale, mupite nayebe.

Tulutsani mafoni mulembe: 116 ndi ya ana, 933 ndi ya nkhanza kwa aliyense, zonse ndi zaulere. Amene akuchita manyazi kufunsa pagulu, ndikhala pakhomopo tikamaliza. A chairman, mafunso ayambe kwa azibambo lero.