Choko ndi Bolodi: Mawu kwa Ana a ku Kasungu Amene Akuganiza za Uphunzitsi



Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri kuno ku Kasungu mumabuka zokambirana. Mwana wakhoza, koma mapointi sanamufikitse ku yunivesite, kapena amufikitsa koma ndalama palibe. Amalume amati apite ku Joni. Bambo amati atenge munda alime fodya. Mayi amati alembere ku TTC, ndipo amanena motsitsa mawu, ngati akutchula njira yotsala zina zonse zikatsekeka. Njira imeneyi ndiyo iyenera kukambidwa lero mokweza, zokoma zake ndi zowawa zake zomwe.

Boma la Kasungu limadziwa kale chimene mphunzitsi wa pulayimale amachita. Ku Mtunthama kuli mtengo wa kachere umene Hastings Kamuzu Banda anaphunzirira kulemba ndi kuwerenga patsinde pake. Anapitiriza ku Chilanga, ndipo amalume ake, a Hanock Msokera Phiri, anali mphunzitsi. Kamuzu nayenso ankalowera komweko. Cha m'ma 1915 anakhala pa mayeso olowera maphunziro a uphunzitsi a mishoni ya Livingstonia, koma anamutulutsa pomuganizira kuti akuonera. Apa ndi pamene anauyatsa ulendo wa ku Hartley, kenako Johannesburg, mpaka ku America kumene anakaphunzira udokotala. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy kufupi ndi kachere uja. Alendo amabwera kudzaona nyumba zokongolazo, koma ndi ochepa amene amafunsa za mphunzitsi wa kumudzi amene anamugwira dzanja mwanayo polemba chilembo choyamba.

Kufunika kwa aphunzitsi kunaonekera poyera mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha, ana analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, ana anakhala pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba mwachangu anthu pafupifupi 20,000 amene anali asanaphunzire zauphunzitsi. Ambiri a iwo anadzaphunzitsidwa ali kale pantchito kudzera mu ndondomeko ya MIITEP imene inayamba mu 1997. Kuchokera mu 2005, njira yolowera ndi IPTE: zaka ziwiri, gawo lina ku koleji, gawo lina pasukulu ya pulayimale kuphunzitsa ana enieni moyang'aniridwa. Ana a kuno safunika kupita kutali, poti Kasungu TTC ili pakhomo pompano, pamodzi ndi makoleji ena monga a ku Lilongwe, Karonga, Blantyre ndi Machinga.

Kodi ntchitoyo payokha ndi yotani? Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'masukulu ambiri a kumidzi Sitandade 1 imadutsa ana 100. Ena mwa anawo sanagwirepo pensulo, ena afika osadya kanthu. Mphunzitsi amalemba maskimu kumayambiriro a teremu, pulani ya phunziro madzulo aliwonse, kaundula m'mawa uliwonse, ndi kuchonga makope osawerengeka. Amaphunzitsa Chichewa, Chingerezi, masamu, sayansi, ulimi, ngakhalenso kuimba ndi kujambula. Zipangizo zikasowa amachita zimene ku koleji amazitcha TALULAR: kutola zitsekerero za mabotolo ndi timitengo kuti ana awerengere, kudula makatoni n'kulembapo zilembo zopachika pakhoma. Chiyambire National Reading Programme mu 2016, aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 4 asenzetsedwa udindo waukulu woonetsetsa kuti mwana aliyense akudziwa maliwu ndi maphatikizo asanakwere kalasi. Mlimi wa fodya amadziwa kuti mbande zikavuta pa nazale mu Seputembala, belo la ku Chinkhoma lavuta kale. Mmera mpoyamba, ndipo makalasi oyambirirawa ndiwo nazale ya dziko.

Fodya yemweyo amabweretsa mayeso ena amene mphunzitsi wa ku Kasungu amakumana nawo chaka ndi chaka. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi yothyola ndi kusoka, ana ena amasowa m'kalasi, ali m'zigafa. Kwa zaka zambiri ana a matenanti ankafika kuchokera kumaboma akutali, n'kuchokanso fodya akagulitsidwa, chaka cha sukulu chisanathe. Lamulo la maphunziro la mu 2013 limati mwana aliyense aphunzire pulayimale, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa ntchito ya utenanti. Koma lamulo siliyenda lokha m'midzi. Amene amaona kuti dzina lakuti lakhala osayankha kwa sabata ziwiri, n'kukwera njinga kukalankhula ndi makolo ndi a mfumu, ndi mphunzitsi.

Zowawa nazo zinenedwe, kuti wina asadzati ananamizidwa. Magulu angapo a IPTE anamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kulembedwa, ena n'kuyamba ngati aphunzitsi othandizira olandira ndalama yochepa. Akalembedwa, munthu amatumizidwa kumene kuli kusowa, mwina kusukulu yopanda nyumba ya mphunzitsi, kutali ndi chipatala ndi banki. Malipiro a PT4 safika kumapeto a mwezi popanda kudziletsa, ndipo ngongole za katapila zagwetsa ambiri. Kukwezedwa kumachedwa. Bungwe la Teachers Union of Malawi linatsogolera sitiraka mu 2017 pankhani ya ndalama za tchuthi, ndi ina mu 2021 pankhani ya ndalama za chiopsezo cha Covid-19. Zimenezi ndi mbali ya ntchitoyi.

Mbali inayo ndi iyi. Mphunzitsi wa boma amalandira mwezi ndi mwezi, mvula ivute kapena mitengo ya fodya igwe, ndipo ali ndi penshoni. Amene akufuna kupitiriza maphunziro ali ndi khomo ku makoleji a Domasi ndi Nalikule. A hedi, a PEA ndi aphunzitsi ambiri a m'makoleji anayambira pa bolodi la pulayimale.

Palinso phindu limene silioneka pa pepala la malipiro, ndipo umboni wake uli ku Wimbe. Nthawi ya njala ya mu 2002, William Kamkwamba anasiya sekondale chifukwa cha fizi. Kumene anathawira ndi ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, kumene mphunzitsi wamkazi ankasunga mabuku ndi kumubwereka ngakhale sanalinso mwana wa pasukulupo. M'buku lina la sayansi William anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo, ndipo anapanga ake ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale, n'kuyatsa magetsi kwawo ku Masitala. Amene anayamba kumutchukitsa mu 2006 anali akuluakulu a ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi amene anabwera kudzayendera laibulaleyo. Mu 2007 William analankhula ku Arusha, mu 2009 buku lake linatuluka, mu 2019 nkhani yake inakhala filimu. Chitseko cha kachipinda kaja chikanakhala chotseka, dziko silikanamudziwa.

Tsono wachinyamata amene akuganiza zolembera ku TTC adzifunse moona. Kodi amatha kufotokozera mng'ono wake chinthu chimodzi katatu osapsa mtima? Kodi angakhale ku Chulu, ku Santhe kapena ku Kapelula, kutali ndi tauni, osadziona ngati wotayidwa? Kodi angasunge ulemu wa mwana wamkazi wa Sitandade 8 monga mlongo wake? Ngati sakudziwa, apemphe a hedi a pulayimale ya kwawo kuti akhale kumbuyo kwa kalasi kwa masiku angapo, aone ndi maso, afunse aphunzitsi amene akalambira pantchitoyi. Amene akufuna pobisalira podikira ntchito ina asankhe kwina, chifukwa ana amamuzindikira msanga mphunzitsi amene mtima wake uli panja. Amene waona zonsezi mtima n'kumukokabe, alembe kalatayo mutu uli m'mwamba.

Kwa inu makolo, mwana akasankha uphunzitsi musamuchititse manyazi pomuyerekeza ndi anzake a ku yunivesite. Kwa inu mafumu ndi a komiti, mphunzitsi wachinyamata akatumizidwa kwanu mulandireni, muumbireni njerwa za nyumba, ndipo nthawi ya fodya ikafika mumuthandize kubweza ana m'kalasi. Kwa inu aphunzitsi amene mwawafikitsa ana athuwa ku Folomu 4, kuyambira wa Sitandade 1 uja, Kasungu ikuthokoza.

Ana athu, muyende bwino kumene mukupita.