Madzi a Utoto Sayera ndi Moto

Amayi anzanga, m'sewero lija tinamva pa wailesi, mayi wina anatunga madzi kumunsi kwa malo amene anthu amanyika nsalu mu utoto. Madziwo anali obiriwira pang'ono. Iye anawawiritsa nkumwetsa mwana wake, poganiza kuti moto wathetsa zonse. Kodi anachita bwino? Iyayi.

Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa kolera ndi kutsekula m'mimba, koma sikuchotsa utoto. Nthunzi ikamatuluka, utoto umatsalira mumphika momwemo. Klorini nayenso ntchito yake ndi kupha tizilombo, musamudalire pa utoto. Utoto wina wa gulu lotchedwa azo ukalowa m'thupi umatha kusanduka mankhwala oyambitsa khansa ya chikhodzodzo pakapita zaka. Wina umayabwitsa khungu.

Nanga utoto umachoka bwanji m'madzi? M'chaka cha 1894, katswiri wa ku England, a Fenton, anapeza kuti chitsulo chikakumana ndi mankhwala a hydrogen peroxide chimaphwanya mankhwala ena. M'chaka cha 1992, akatswiri a kampani ya Mobil ku America anapanga silika wokhala ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Silika ndi chinthu chomwe chimapezeka mumchenga. Masiku ano akatswiri amaika chitsulo m'timabowo timeneti. Utoto umakodwa m'menemo ngati nsomba mumono, ndipo akathira hydrogen peroxide, chitsulo chija chimauphwanya. Imeneyi ndi ntchito ya akatswiri, si ya pakhomo. Mchenga wamba ndi misomali ya dzimbiri sizingachite zimenezi, musayesere.

Tsono inu mayi, chitani izi:

1. Madzi akumwa ndi ophikira phala la mwana tungani pa mjigo, pa mpopi kapena pa chitsime chotetezedwa.
2. Madzi akasintha mtundu kapena fungo, musamwe ndipo musasambitsire mwana. Chenjerani ndi mitsinje yodutsa m'tauni, monga Mudi ku Blantyre.
3. Ngati mumanyika nsalu pakhomo, valani magolovesi. Madzi otsala musathire mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Ndowa ya utoto isakhale yotungira madzi.
4. Mwana akamwa madzi a utoto, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala, mutanyamula paketi ya utotowo.

Mukaona mtsinje wasintha mtundu, dziwitsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu tsiku lomwelo. Uzaninso anzanu amene sanabwere kusikelo lero.