Mwana wa Letras Akalowa ku Univesidade, Amakakumana ndi Chiyani?

Mawu a membala mnzathu, mphunzitsi wa ku sekondale, pa msonkhano wa kalabu wa mwezi uno. Tawalemba monga momwe anayankhulira.

 Mwandipempha kuti ndiyankhe funso lija linabwera pa wailesi sabata yatha. Bambo wina anadandaula kuti mwana wake wamaliza kalasi 12 ku gulu la letras, ndiye akufunsa ngati n'koyenera kugulitsa ng'ombe kuti mwanayo akaphunzire mbiri yakale. Anati, mbiri yakale imadyedwa kodi? Ambiri munaseka. Inenso ndinaseka, koma ng'ombe ya munthu si yoseketsa, choncho tiyeni tikambe bwinobwino.

Ndiyambe ndi dzina la univesidade yathu yaikulu ku Maputo. Inatsegulidwa mu 1962 nthawi ya Apwitikizi, ndipo mu 1976 inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Kodi Mondlane anaphunzira chiyani? Sanali dokotala wa kuchipatala, sanali injiniya. Anaphunzira za chikhalidwe cha anthu, sosiolojiya, ku Oberlin ndi ku Northwestern ku America. Ndiye amene amati letras ndi maphunziro a ana olephera masamu ayambe aganiza kaye.

Pa univesidade imeneyi pali Faculdade de Letras e Ciências Sociais. Kumeneko ndi kumene kuli mbiri yakale, jogalafe, sosiolojiya, antropolojiya, maphunziro a ndale, kayendetsedwe ka boma, ndi maphunziro a zinenero, kuphatikizapo kuphunzitsa zinenero zathu za Chibantu. Kwa ife a kuno ku Tete siziri zonse ku Maputo ayi. Mu 2019 boma linagawa Universidade Pedagógica kukhala maunivesidade asanu. Tete ndi Manica zinagwera ku Universidade Púnguè, pamene abale athu a ku Niassa ali pansi pa Universidade Rovuma.

Kukhoza kalasi 12 sikuti walowa. Pali ezame ina yolowera, ndipo ku mbali ya letras nthawi zambiri imakhala ya Chipwitikizi ndi phunziro lina logwirizana ndi kosi yomwe mwana wasankha, monga mbiri yakale kapena jogalafe. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Izi mukuzidziwa, ndisatayepo nthawi.

Chimene ndikufuna kukhalapo pang'ono ndi chaka choyamba, chifukwa ndi pamene ana athu ambiri amagwera. Digiri yoyamba, imene amati licenciatura, m'makosi amenewa imatenga zaka 4. Chaka chimagawidwa pawiri, masemesitere awiri, ndipo phunziro lililonse amalitcha kadeira. Kadeira iliyonse ili ndi mlingo wake, amati makiredito, ndipo chaka chathunthu ndi makiredito 60. Mlingo umenewu sawerengera maola okhala m'kalasi okha, amawerengeranso maola amene mwana akuyenera kuwerenga payekha. Mvetsani pamenepo makolo. Mwana akakuuzani kuti lero ndinali ndi kalasi m'mawa basi, sizikutanthauza kuti masana onse ndi ocheza.

Mwana amapita ndi mtima wakuti akayamba pompo phunziro lomwe amalikonda. Akafika amapeza makadeira amene sanawaganizire. Pali ya njira zophunzirira ndi kufufuza, pali ya kalembedwe ndi kayankhulidwe ka Chipwitikizi, ndiyeno zija zoyambira, zomutsegulira khomo la phunziro lake ndi maphunziro oyandikana nalo. Wofuna uphunzitsi amakumananso ndi za maganizo a munthu ndi maziko a kaphunzitsidwe. Sasankha ayi, ndi zokakamiza. Ana ena amazipeputsa, amati izi n'zodzazira nthawi chabe.

Ine ndinazipeputsa, ndikuvomera pamaso panu. Kusekondale ndinali katswiri woloweza. Mphunzitsi akalemba pa bolodi, ine ndimabweza zonse pa pepala, mpaka komma. Ntchito yanga yoyamba ku univesidade anatiuza kuti tiwerenge olemba awiri osagwirizana pa nkhani imodzi, tinene amene tikumukhulupirira ndi chifukwa chake. Ine ndinakopera ndime za onse awiri mwaukhondo, n'kupereka. Pepala linabwerako ndi 6, ndi funso limodzi pansi pake lofunsa kuti nanga iweyo ukuti chiyani. Ndinakwiya sabata yathunthu. Palibe anali atandifunsapo maganizo anga m'Chipwitikizi chiyambire kalasi 1. Ndipo kukopera mawu a munthu osamutchula kumeneko ndi mlandu, amati kuba, angathe kukulepheretsa nako.

Mamakisi ndi omwe aja tinazolowera, kuyambira 0 mpaka 20, koma lamulo lake ndi lowawa. Mayeso ndi ntchito za mkati mwa semesitere amaziphatikiza. Zikapanda kufika 10, mwana saloledwa n'komwe kulowa m'chipinda cha ezame, kadeira yagwa. Zikafika 14 kapena kuposa, m'makadeira ambiri amamukhululukira ezame, ndiyo dispensa ija mumamva ana akunyadira. Wolephera ezame ali ndi mwayi wachiwiri, amati recorrência. Kujomba nakonso kumagwetsa, ngakhale mutu uli wakuthwa. Choipa kwambiri n'chakuti makadeira ena ndi omangirirana: ukagwa yoyamba sungalembetse yachiwiri yake. Ndiye kadeira imodzi ya chaka choyamba, yomwe mwana ankati n'njodzazira nthawi, imatha kuwonjezera chaka chonse cha lendi, chakudya ndi thiransipoti. Ng'ombe yachiwiri imapita choncho.

Vuto la ana athu a kuno si nzeru. Ndi chinenero. Mnzake wobadwira ku Maputo wayankhula Chipwitikizi kuyambira ali pamsana, pamene wathu amaganiza m'Chinyanja kenako n'kutembenuza. Koma nditembenuzenso mbali inayo. Kuyesa koyamba kophunzitsa ana a pulayimale m'zinenero ziwiri m'dziko muno kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, ku Gaza m'Chichangana ndi kuno ku Tete m'Chinyanja. Amene amakonza kalembedwe ka zinenero zathu, amene amalemba mabuku a ana, amene amaphunzitsa aphunzitsi ake, ndi anthu a letras. Ngakhale pulogalamu imene timamvera limodzi Lachitatu lija, pamafunika munthu wodziwa kufunsa agogo mafunso ndi kulemba zomwe anena mosapotoza. Mwana wathu amalowa m'kalasi ya zinenero atanyamula kale chinthu chomwe mnzake wa mumzinda alibe.

Sindikunamizani kuti ntchito ikudikira pakhomo. Alipo amene anamaliza ndipo akugulitsa kiredito ya foni pamsika. Ndiye kwa bambo uja ndinganene kuti, musanagwire chingwe cha ng'ombe, muyeseni mwanayo. Mupatseni nyuzipepala ya Chipwitikizi awerenge nkhani imodzi, aitseke, akufotokozereni m'Chinyanja, kenako alembe tsamba limodzi lonena ngati akugwirizana nayo. Akachita mokondwa, mutumizeni. Akayamba kuyang'ana kudenga, mwina njira yake ndi ina, ndipo masukulu a ntchito zamanja alipo.

Achinyamata amene mukufuna kulemba ezame yolowera, bwerani Loweruka masana pompano. Ndibweretsa mapepala a zaka zam'mbuyo amene ndinasunga. Aliyense abwere ndi cholembera ndi kope lake, ine ndilibe zogawa.