Za Makompyuta Athu Akale: Mawu a pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Kasungu

Bambo Wapampando, a Mphunzitsi Wamkulu, ndi inu anzanga amene tinadyera limodzi nyemba zofumbwa pano, ndiloleni ndinenepo maganizo anga pa za makompyuta anayi amene angokhala m'chipinda chosungiramo katundu.

Ena mwati tisonkhe ndalama tiwakonzetse onse. Chifundocho ndikuchimva. Inenso dzina langa ndinayamba kulilemba pa makina amenewa, mu WordPerfect 5.1, pa galasi lobiriwira lija, aphunzitsi ali chilili kumbuyo kwanga kuopa ndingawononge. Koma tisanamizane. Makina a zaka 30 batire lake la m'kati limachucha n'kudya tinsambo, ndipo fumbi la m'minda ya fodya lalowa paliponse. Tikawakonza lero, pofika nyengo ya msika wa ku Chinkhoma adzakhala atafanso.

Njira ina ilipo. Chiyambire 2002 kuli pulogalamu yaulere yotchedwa DOSBox, imene imachititsa kompyuta yatsopano kugwira ntchito ngati yakale. Azungu amati emulator. Ndinaiyesa kunyumba, ndipo WordPerfect ndi Lotus 1-2-3 zinatseguka bwinobwino. Chala changa chinapita chokha pa F7! Chosowa ndi phokoso lija la makina podzuka, basi.

Komabe chimene chandiimiritsa pano ndi katoni ya madisiketi imene ili pansi pa tebulo m'chipinda chomwecho. M'menemo muli mayina athu, malikisi athu, ndi makalata a umboni amene ena a ife tinapezera ntchito m'boma. DOSBox singawerenge disiketi popanda chipangizo cholowetsamo disiketiyo. Kampani ya Sony inaleka kupanga madisiketi mu 2011, ndipo athuwa dzinja lililonse akuchita nkhungu. Ang'onoang'ono a 1.44 MB tingawawerenge ndi kachipangizo ka USB. Akuluakulu opindika aja, a mainchesi 5.25, amafuna makina akale enieniwo.

Chomwecho pempho langa ndi ili: tikonzetse kompyuta imodzi yokha, zinazo tichotsemo zipangizo zokonzera imodziyo. Tikopere zonse za m'madisiketi mvula isanayambe. Tikatha, ikhale mu laibulale kuti ana athu aziikhudza.

Kachipangizo ka USB ndigula ndine. Pakufunika anthu awiri odzipereka Loweruka likubwerali. Lembetsani kwa a Mlembi tisanapite ku nkhomaliro.