Zimene Ndinaona ku Livingstonia



Pa tchuthi ndinakwera phiri la Khondowe kukaona Yunivesite ya Livingstonia, imene inatsegulidwa mu 2003. Maphunziro pamalopo anayamba kale, chifukwa Dr Robert Laws anakhazikitsapo sukulu mu 1894. Nyumba yawo yamiyala tsopano amasungiramo zinthu zakale.

Chimene chinandikhudza n'chakuti mu 1875 a Laws ndi anzawo anadzera mu Shire wathu yemweyu pa sitima ya Ilala. Maphunziro anatidutsa pakhomo!

Ana athu ambiri sanapondepo pa yunivesite, ndipo mwana salakalaka chimene sanachione. Choncho ndikupempha kuti tisonkhe ndalama kuti a Folomu 4 akadzionere okha.