Za Minda ya Tiyi ya ku Thyolo, ndi Chimene Tidzauza Alendo

Pa tsiku la chikondwerero lotere kuyenera kuti tikumbukenso dziko limene tikhalamo. Alendo akadzera msewu wa ku Limbe, naona minda ya tiyi ili biriwiri kufikira kumene maso alekeza, amazizwa nalitama dziko lathu, ndipo sanama. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Iye apita, ife titsala. Potero tiyenera kudziwa m'mene minda iyi inadzera kuno.

Kale dera lino linali la Amang'anja, ndipo phiri la Thyolo linavala nkhalango yowirira. Tiyi anayesedwa koyamba pa mishoni ya ku Blantyre m'chaka cha 1878. Mu 1891 Henry Brown anamubzala ku Mulanje. Kuno anafika mu 1908, pa munda wa Bandanga. Mu 1923 Maclean Kay anayamba munda wa Satemwa, umene ulipo kufikira lero. Tiyi anakonda kuno chifukwa cha dothi lofiira, ndi mvula yamawawa ya chiperoni, imene imanyowetsa nthaka m'miyezi yozizira, pamene maiko ena auma.

Tsono ndani anagwetsa mitengo, nazula zitsa, nakumba maenje? Ambiri a iwo ndiwo makolo athu Achilomwe, amene anaoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi. Pofika kuno anapeza malo ali m'manja mwa Azungu, ndipo anakhalapo mwa thangata: munthu analipira malo a nyumba yake ndi nchito ya manja ake, mwezi wina wa malo, mwezi wina wa msonkho, ndipo kawirikawiri miyeziyo inatalikitsidwa, munda wake wa iye mwini nugonera. Mu August 1953 mkwiyo wa anthu unabuka m'boma lino, ndipo ena anataya moyo. Thangata anatha mu 1962. Koma kuchepa kwa malo sikunathe, pakuti minda yaikulu inakhala m'mene inalili, ndipo ife tinachuluka m'mphepete mwake.

Apa pali mawu otikhudza tonse. Posowa polima ndi potola nkhuni, anthu anakwera phiri ndi nkhwangwa, makamaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake. Ndipo nkhalango imene makolo anaisiya inatha pafupifupi yonse. Kachigawo kotsala kali mbali ya ku Satemwa. M'menemo mukhala kambalame kamene anthu ophunzira anakalemba m'mabuku mu 1927, nakatcha Thyolo alethe, kutengera dzina la phiri lathu. Kamakhala pansi pamthunzi, kutsata linthumbu, nikadya tizilombo tothawa mzere wake. M'munda wa chimanga kapena wa tiyi sikangakhale. Alendo ena amaoloka nyanja kudzakaona, pamene ana athu sakadziwa. Ndipo si mbalame yokha: mitengo ya paphiri ndiyo isunga akasupe kumene amayi atunga madzi.

Chifukwa chake tikupemphani, aphunzitsi ndi alaliki, inu amene mumayenda m'midzi: phunzitsani ana zonsezi. Awuzeni kuti wothyola tiyi, amene alawirira mame ndi dengu kumsana, natsina masamba awiri ndi nsonga yake tsiku lonse, agwira nchito yoyenera ulemu. Awonetseni gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuwerenga pakati pa chuma cha anthu onse mu 2014. Ndipo mvula ikadza, sukulu iliyonse ibzale mbawa ndi mikuyu m'mbali mwa mtsinje wake, niisamale kufikira itakula.

Potero mlendo akatifunsa za minda iyi, tidzamuuza za iwo amene anailima, ndipo tidzakhala nayo mitengo yomuonetsa.