Ndalama za nyengo ndi ngongole, si mphatso

Mau amene mnzathu wina, mlimi wa chimanga ndi fodya, analankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi ku Furancungo

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma wailesi ndimamvera, ndiye mundilole ndilankhuleko.

Tonse tikudziwa kuti mvula yasintha. Mu 2019 namondwe Idai anagumula Beira. Mu Januwale 2022 Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Mu 2023 Freddy anapha anthu oposa chikwi kwa abale athu ku Malawi. Mu 2024 ng'amba, chimanga kupserera m'munda chisanamasule n'komwe. Kuno kumapiri timati mvula sitisowa, koma chaka chimenecho nkhokwe zambiri sizinadzadze.

Akatswiri akuti chimayambitsa zonsezi ndi utsi wa malasha, mafuta ndi mafakitale umene ukutenthetsa dziko. Africa yense satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a utsi umenewu. Ochuluka ndi wa China, America ndi maiko a ku Ulaya. Ndiye ine ndimati, ng'ombe ya mnzako ikadya m'munda mwako, a mfumu amagamula kuti alipire. Mwini ng'ombe sanena kuti "ndakuthandiza". Walipira mlandu basi.

Iwo eni anavomera. Mu 2009 ku Copenhagen maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni chaka chilichonse pofika 2020, koma anakwanitsa mochedwa, mu 2022, ndipo zambiri mwa izo zinali zobwereketsa. Tangoganizani, wakudyetsera munda, kenaka akukongoza ndalama yogulira mbeu! Mu 2022 ku Egypt anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zoonongeka, ndipo ku Dubai mu 2023 analonjezamo pafupifupi madola 700 miliyoni. Ndalama imeneyi ndi ya maiko onse osauka pamodzi, pamene Idai yekha anaononga zoposa pamenepo. Mu 2025 a Trump anasainira kuti America ituluke m'pangano la ku Paris.

Komatu tisaloze chala kunja kokha. Malasha a ku Moatize amakwera sitima kudutsa m'Malawi mpaka ku doko la Nacala, kukaotchedwa kutsidya kwa nyanja, utsi wake n'kutibwerera ngati chilala. Ifenso mitengo tikuimaliza ndi zigafa za fodya ndi makala, mapesi timatentha m'malo mokwirira. Madzi akathamanga kuno kumtunda, amene amalira ndi a kumunsi ku Zambezi.

Pempho langa n'lakuti kalabu yathu ilembe kalata ku wailesi. Aitane akuluakulu a zaulimi a boma la Macanga adzatiuze pa mphepo, m'Chichewa, kuti ndalama za nyengo zikalowa ku Maputo zimayenda njira iti kuti zifike kuno, ndipo mbande za mitengo ndi mbeu yocha msanga tikalembetse kwa yani mvula isanagwe. Amene angasaine nane kalatayo atsale tikatha msonkhano.